Dotolo David Livingstone ndi Mankhwala Ake a Malungo

Ana ambiri a ku Molumbo ndi ku Milange amene adaphunzirako sukulu kutsidya kwa malire, makamaka m'zaka zija nkhondo idathawitsira anthu ku Malawi, adalimva dzina la David Livingstone m'kalasi. Adauzidwa kuti adali mmishonale, munthu wa maulendo ataliatali ndiponso wodana ndi malonda a akapolo. Zonsezo n'zoona. Koma chimene aphunzitsi ambiri amangochilambalala n'chakuti mkuluyu adali dotolo wophunzira bwino, ndipo mdani amene adalimbana naye kwa zaka 20, kuposa mikango ndi mathithi, adali malungo, omwewa amene mpaka lero akudzaza zipatala za m'chigawo cha Zambézia.

Livingstone adabadwa pa 19 Malichi 1813 m'mudzi wa Blantyre ku Scotland, kumene mzinda wa Blantyre ku Malawi udatenga dzina lake. Makolo ake adali osauka. Ali ndi zaka 10 adayamba ntchito m'fakitale ya thonje, kulumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupita kusukulu. Ndalama zimene adasunga ndi zimene adalipirira maphunziro a udotolo ku Glasgow kuyambira mu 1836, ndipo adalandira chikalata chake mu Novembala 1840. Bungwe la London Missionary Society lidamutumiza ku South Africa komwe adafika mu 1841. Mu 1844 mkango udamugwira ku Mabotsa n'kumuphwanya fupa la mkono wamanzere, ndipo chaka chotsatira adakwatira Mary, mwana wa mmishonale Robert Moffat wa ku Kuruman.

Kumwera kumene adayambira ntchitoko n'kouma ndipo malungo sadali ochuluka. Adakumana nawo koyamba mu 1850 pafupi ndi nyanja ya Ngami, pamene ana ake awiri adadwala. Iye mwini adagwidwa nawo mu 1853 ku Linyanti, m'dziko la Amakololo. Poyamba adalola asing'anga a kumeneko kuti amuchize, pofuna kuona ngati adali ndi mankhwala oposa ake. Adamufunditsa pamphika wa mizu yowira ndi kumufukiza utsi wa zitsamba, koma ataona kuti kuchira kukuchedwa adabwerera ku kwinini. Khalidwe limeneli, loyesa chinthu, kuona zotsatira zake ndi kuzilemba m'buku, ndi limene lidamusiyanitsa ndi azungu ambiri oyenda maulendo a nthawi imeneyo. Paulendo wake wochoka ku Linyanti kukafika ku Luanda mu Meyi 1854 ndi kubwereranso, adawerenga kuti malungo adamugwetsa maulendo 27.

Atatembenukira kum'mawa n'kutsata mtsinje wa Zambezi, adafika ku Tete mu Malichi 1856 ali wowonda ndi wotopa, ndipo mkulu wa asilikali a Apwitikizi kumeneko, Major Sicard, adamusamala. Ali komweko adamva za khungwa la mtengo wotchedwa kumbanzo limene anthu ankachizira malungo, ndipo adakondwa poganiza kuti wapeza mtengo wa kwinini m'dziko la Afirika. Sudali umenewo. Kwinini weniweni ankachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, ndi amene adapeza njira yomusefa kukhungwako mu 1820. Adali wodula ndiponso wosowa. Pa 20 Meyi 1856 Livingstone adalowa mu Quelimane akudwala, atadutsa Afirika kuchokera kunyanja ya kumadzulo kufika kunyanja ya kum'mawa.

Mibulu yodzutsa odwala

Masiku amenewo padalibe dotolo amene ankadziwa chimene chimayambitsa malungo. Ambiri ankati ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo ndi m'zomera zowola. Livingstone nayenso ankakhulupirira zimenezi, ngakhale kuti adaona ndi kulemba kuti kumene kuli udzudzu wambiri malungonso amakhala ambiri. Ankakhulupiriranso kuti malungo amatseka chiwindi, ndulu n'kudzadza m'thupi, kotero kuti wodwala ayenera kutsegulidwa m'mimba kaye kuti kwinini agwire ntchito.

Pachifukwa chimenechi adakonza mibulu yakeyake. Ankasakaniza kwinini ndi mankhwala atatu otsegula m'mimba: jalap, rhubarb ndi calomel. Wodwala akamwa n'kutsegula m'mimba, ankamuwonjezera kwinini wambiri mpaka m'makutu mutayamba kulira. Kulira kwa m'makutuko ndiye udali muyezo wake wodziwira kuti mankhwala akwana, ndipo achikulire amene adabayidwapo kwinini akuudziwa bwino mlirowo. Anzake apaulendo adaitcha mibuluyi Livingstone's Rousers, kutanthauza kuti imadzutsa munthu pamphasa. Mu 1861 magazini ya madotolo ya The Lancet idasindikiza zimene iye adalemba zokhudza malungo a m'Zambezi ndi kachizidwe kake.

Mibuluyi inkachizadi, koma chochiza mmenemo adali kwinini yekha. Calomel ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimanyezimira m'zoyezera kutentha kwa thupi zakale, ndipo mercury ndi poizoni. Akachuluka m'thupi malovu amatuluka osaleka, nkhama zimatupa, mano amagwedera, impso zimaonongeka. Munthu wa malungo amene watha kale madzi m'thupi ndi thukuta ndi kusanza, kumutsegulanso m'mimba n'kumufooketsa kawiri. Mu 1863 mkulu wa madotolo a asilikali ku America, William Hammond, adachotsa calomel pamndandanda wa mankhwala a asilikali ataona mmene ankapwetekera odwala, ndipo madotolo anzake adamukwiyira kwambiri. Mu 1869 gulu la madotolo a ku Edinburgh lotsogozedwa ndi John Hughes Bennett lidatulutsa zotsatira za kafukufuku amene lidachita pa agalu, zosonyeza kuti mercury sachulukitsa ndulu n'komwe. Ntchito imene calomel ankatamandidwa nayo pachiwindi idali yongoganizira.

Chodabwitsa n'chakuti poloza chiwindi Livingstone sadaphonye kwenikweni. Tizilombo ta malungo tidaoneka koyamba m'magazi mu 1880 ndi dotolo wa ku France, Alphonse Laveran. Mu 1897 Ronald Ross adatipeza m'mimba mwa udzudzu. Ndipo mu 1948 Shortt ndi Garnham ku London adasonyeza kuti udzudzu ukaluma munthu, tizilomboti timayamba tabisala ndi kuswana m'chiwindi kwa masiku angapo tisanalowe m'magazi. Koma palibe mankhwala otsegula m'mimba amene angatitulutse mmenemo.

Zaka za m'Zambezi ndi m'Shire

Boma la Britain lidamubweza kuno mu 1858 ali kazembe wake wa ku Quelimane ndiponso mtsogoleri wa gulu lofufuza mtsinje wa Zambezi. M'gululi mudali dotolo John Kirk, mng'ono wake Charles Livingstone, wojambula zithunzi Thomas Baines ndi katswiri wa miyala Richard Thornton. Atafika ku Tete adapeza kuti mwa Amakololo amene adawasiya kumeneko mu 1856, okwana 30 adali atamwalira ndi nthomba. Mathithi a Cahora Bassa adatsekereza sitima yawo, motero adakhotera mumtsinje wa Shire. Adakwera phiri la Morrumbala, adafika panyanja ya Chilwa mu Epulo 1859 akuona phiri la Mulanje chapatali, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho adafika panyanja ya Nyasa.

Paulendowu aliyense ankamwa kwinini pang'ono tsiku ndi tsiku, wosungunulira muvinyo, pofuna kupewa malungo. Livingstone adaona kuti omwa ndi osamwa onse ankadwala, ndipo adagamula kuti kwinini amachiza koma sateteza. Apa adalakwa, ndipo cholakwikacho chidali pamuyezo. Ankamwa pafupifupi mamiligalamu 130 patsiku, pamene pochiza munthu wamkulu pamafunika pafupifupi 600 maora 8 alionse kwa masiku 7. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 1854, dotolo William Baikie adali atayenda mumtsinje wa Niger akumwetsa anthu ake kwinini wochulukirapo tsiku lililonse, ndipo palibe mzungu amene adamwalira.

Cholakwa china chidali chachikulu kuposa chimenechi. Popeza thupi lake lidali lolimba modabwitsa, Livingstone adayamba kuwachepetsa malungo. Adalembera anthu a kwawo kuti ngati mibulu yake ilipo, matendawa sasiyana kwambiri ndi chimfine. Munthu wogona pamphasa ankamuyesa waulesi, ndipo mu 1859 adachotsa ntchito Baines ndi Thornton, amene onse awiri ankadwaladwala. Amishonale a ku Britain adawerenga mawu olimbikitsawo n'kunyamuka ndi akazi ndi ana. Mu 1860 azungu 9 adafika ku Linyanti motsogozedwa ndi Holloway Helmore ndi Roger Price, ndipo 6 mwa iwo adamwalira chaka chomwecho. Ngolo ya Livingstone, imene idali ndi mankhwala a malungo, idali chiimire pafupi ndi pamene ankafera, iwo osadziwa.

Mu Julayi 1861 adaperekeza Bishopu Charles Mackenzie kumapiri a Shire. Pamudzi wa Mbame adamasula akapolo 84, ndipo anthu amenewa ndiwo adayamba nawo mishoni ya Magomero. Kumayambiriro kwa 1862 bishopuyo adatsikira kumatsiriro a mtsinje wa Ruo, womwewu umene umalandira madzi a Muloza pamalire a Milange, kukakumana ndi Livingstone monga adapanganirana. Adafika mochedwa, sitima itadutsa kale. Panjira bwato lake lidagubuduka usiku ndipo mankhwala onse adamira. Adakhala pachilumba cha pamatsiriropo wopanda kwinini mpaka adamwalira pa 31 Januwale 1862. Mnzake Henry Burrup adanyamulidwa kubwerera ku Magomero komwe adamwalira patangopita masabata atatu.

Mwezi womwewo wa Januwale, Mary Livingstone adali atafika kumatsiriro a Zambezi kudzakhala ndi mwamuna wake, patapita zaka zambiri za kusungulumwa ndi ana ku Britain. Ntchito yonyamula zitsulo za sitima yatsopano idawachedwetsa m'chigwa nyengo yonse ya udzudzu. Ku Chupanga, kutsidya kwa Mopeia, adadwala pa 21 Epulo. Ankasanza osaleka moti kwinini sankakhazikika m'mimba. Madotolo awiri, mwamuna wake ndi Kirk, adalephera kumupulumutsa, ndipo adamwalira pa 27 Epulo 1862 ali ndi zaka 41. Manda ake alipo mpaka lero ku Chupanga. Chaka chotsatira Thornton naye adamwalira, ndipo boma la Britain lidalamula kuti gulu lonse libwerere kwawo.

Mabuku a azungu adasunga maina ndi masiku a imfa zimenezi mmodzimmodzi. Ana a m'midzi ya m'mbali mwa Shire ndi Ruo amene adafa ndi malungo omwewo, m'zaka zomwezo za chilala ndi nkhondo za akapolo, palibe adawawerenga. Kuwerenga koteroko kudayamba mochedwa kwambiri. Kafukufuku wa malungo wa m'dziko lonse la Moçambique wa mu 2018 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu amene adayezedwa magazi, 39 adali ndi tizilombo ta malungo, ndipo Zambézia ndi Nampula ndi zigawo zimene zakhala zikusenza odwala ochuluka kwambiri. Kwinini naye adadikira zaka zambiri kuti ayesedwe moyenera pa ana a mu Afirika. Mu 2010 mudatuluka zotsatira za kafukufuku wa ana 5,425 odwala malungo aakulu m'maiko 9, kuphatikizapo ana a kuchipatala chachikulu cha Beira. Mwa ana 1,000 alionse olandira kwinini, 109 adamwalira. Mwa olandira artesunate, 85. Kuyambira pamenepo artesunate ndiye adakhala mankhwala oyamba pamalungo aakulu.

Mankhwala amene amaluma

Livingstone sadafufuze malungo okha. Adafotokoza za kutentha thupi kobwera munthu akalumidwa ndi nkhufi za m'nyumba, zaka pafupifupi 50 madotolo asanapeze kachilombo kake. Mu 1860 iye ndi Kirk adayesa kuchiza khate la Sekeletu, mfumu ya Amakololo. Ndipo mu 1858 adalemba mu British Medical Journal kuti adayesapo kumwetsa poizoni wa arsenic hatchi yolumidwa ndi kashembe, n'kuona kuti ikupezako bwino kwa kanthawi. Patapita zaka pafupifupi 50, mankhwala oyamba a matenda a kaodzera adapangidwadi kuchokera ku arsenic. Ankachiza, komanso ankachititsa khungu ena mwa odwala. Melarsoprol, amene adabwera mu 1949, ankapha pafupifupi odwala 5 mwa 100 alionse omulandira, koma ankaperekedwabe chifukwa kaodzera wosachizidwa amapha pafupifupi onse.

Kwinini nayenso adali ndi mano ake. Azungu a m'minda ya kumapiri a Shire, amene ankamwa kwinini modumphadumpha, ambiri adafa ndi malungo a mkodzo wakuda, pamene magazi amasweka, maso n'kuchita chikasu, impso n'kuleka kugwira ntchito. Robert Koch wa ku Germany adanena mu 1898 kuti kwinini ndiye ankautsa vutoli, ndipo mu 1899 madotolo Stephens ndi Christophers adafika ku Blantyre kudzalifufuza.

Nkhani imeneyi sidathere pa calomel ndi kwinini. Mankhwala ambiri akalowa m'thupi amadutsa m'chiwindi, chimene chimawaphwanya kuti atuluke, ndipo ena amachipweteka podutsapo. Vuto n'lakuti kupwetekaku sikuoneka pa munthu mmodzi kapena khumi; kumaoneka pamene anthu zikwizikwi awerengedwa. Isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1952, koma padatenga zaka pafupifupi 20 kuti kafukufuku wa anthu oposa 13,000 ku America asonyeze kuti amatupitsa chiwindi mwa anthu ena, makamaka achikulire ndi omwa mowa tsiku lililonse. Amodiaquine, amene akale amamudziwa kuti Camoquin, adaletsedwa ngati mankhwala opewera malungo m'zaka za m'ma 1980 zitadziwika kuti ena omwa sabata ndi sabata ankaonongeka chiwindi ndi magazi. Nevirapine, amene kale adali m'ma ARV ambiri, adali ndi vuto lomweli. Ngakhale panado amene amagulidwa mmodzimmodzi m'misika ya m'malire, wopanda pepala lililonse, amatha kupha chiwindi munthu wamkulu akapyola mibulu 8 ya mamiligalamu 500 patsiku, ndipo ngozi imakula ngati munthuyo amamwa kachasu. N'chifukwa chake azaumoyo amanena kuti amene ali pamankhwala a chifuwa chachikulu kapena ma ARV, akaona maso achita chikasu, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena akusanza osafuna chakudya, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kungotaya mankhwalawo n'kukhala kunyumba kumabweza matenda aja, amene ndi oopsa kuposa.

Ulendo wotsiriza

Mu 1866 Livingstone adabweranso, tsopano wopanda mzungu mnzake, kudzafuna gwero la mtsinje wa Nile. Adatsata mtsinje wa Rovuma, adadutsa kwa Mfumu Mataka ku Mwembe m'chigawo chimene lero ndi Niassa, adazungulira kumwera kwa nyanja n'kulowa m'dziko limene lero ndi Zambia. Mu Januwale 1867 onyamula katundu awiri adathawa ndi bokosi la mankhwala. Iye adalemba m'buku lake kuti adamva ngati waweruzidwa kuti afe, monga zidachitikira Bishopu Mackenzie. Kuyambira pamenepo adadwala malungo, chibayo, zilonda za kumapazi zosapola ndi kamwazi. Munthu amene ankadana ndi malonda a akapolo adafika pomanyamulidwa ndi kudyetsedwa ndi amalonda a Chiarabu ndi Chiswahili amene ankachita malonda omwewo. Mu Julayi 1871 adaona ndi maso ake anthu mazanamazana akuomberedwa pamsika wa Nyangwe, ndipo zimene adalemba za tsikulo zidathandiza kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar utsekedwe mu 1873.

Henry Morton Stanley adamupeza ku Ujiji kumapeto kwa 1871, adamupatsa mankhwala ndi chakudya n'kumupempha kuti abwerere kwawo akachire. Adakana. Adalowa m'madambo a Bangweulu nyengo ya mvula, akutaya magazi pochita chimbudzi, vuto limene adakhala nalo zaka zambiri ndipo adakana opaleshoni yake ali ku Britain. Mapeto ake ankanyamulidwa pamachira. Adamwalira pa 1 Meyi 1873 pamudzi wa Chitambo, ali ndi zaka 60.

Amene adatsogolera zonse pambuyo pake adali anthu a mbali zino. Susi adayamba kugwira naye ntchito ku Chupanga, ndipo Chuma adali Myao amene adamasulidwa ku ukapolo ali mwana mu 1861. Iwo ndi anzawo adakwirira mtima wake patsinde pa mtengo wa mpundu, adaumitsa thupi ndi mchere padzuwa, n'kulinyamula miyezi 9 mpaka ku Bagamoyo, kumene adafika mu Febuluwale 1874. Ku London madotolo adalizindikira thupilo poona fupa lija lidaphwanyidwa ndi mkango. Adaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Susi ndi Chuma adafika ku Britain maliro atachitika kale.

Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876 pomukumbukira. M'zaka za m'ma 1890 mishoniyi idatumiza John Gray Kufa, mbadwa ya kumatsiriro a Zambezi ndiponso mmodzi mwa anthu akuda oyamba kuphunzira ntchito ya chipatala ku Blantyre, kudzagwira ntchito m'dziko la Alomwe, kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa. Mibulu ija nayo idakhalitsa kuposa mwini wake. Kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London idapitiriza kuipanga ndi kuigulitsa kwa azungu obwera ku Afirika, m'dzina la Livingstone lomwelo, mpaka m'zaka za m'ma 1920, calomel akadali momwemo.